Funso la Mphatso ku Mbewe

Loweruka usiku, kutentha sikunaphwe, ndipo mutu wanga udakali ku Mbewe, kwa Mfumu Lundu.

Zonsezi zinayamba ndi foni ya amalume awo a ana anga, Mphatso ndi Tiyamike. Pamene Charles III ankavekedwa ufumu ku London mu Meyi 2023, Mphatso anaonera ngolo yagolide, asilikali a zipewa zazitali zakuda ndi chikhamu cha anthu pa Buckingham Palace. Chiyambire pamenepo, akamva zoti mfumu, m'maso mwake mumabwera chinyumba chimenecho. Tsono ataphunzira kusukulu za ufumu wa Maravi, za Kalonga, Undi ndi Lundu, anafika pakhomo ali wefuwefu. "Amayi, Lundu wake ndi yemweyu wa ku Chikwawa kuno? Ndiye kuti nafenso tili ndi nyumba yachifumu?" Ndinamulonjeza kuti tidzapita, ndipo lonjezolo lakhala likudikira kuti m'thumba mupezeke kangachepe.

Kangachepeko kanali ka thiransipoti basi. Kuchoka pa Ngabu, Tiyamike ndinamukhazika pamiyendo kuti tisalipire mpando wina, Mphatso atafungatira nkhuku. Kwa mfumu sapita chimanjamanja, ndipo popeza ya mu envelopu ndinalibe, ndinagwira thadzi la mawangamawanga pakhomo. Mbatata ndinaphikiratu m'bandakucha, madzi tinatenga athu. Pa Nchalo ana anayang'anitsitsa chiwaya cha tchipisi, ine ndinayang'ana kumbali n'kuyamba kunenerera mtengo kwa wakabaza.

Sindinapite ndi maganizo okaonana ndi mfumu. Mfumu yayikulu suyitulukira ngati ukukabwereka moto kwa neba. Ndinagwada, kuomba m'manja, kunena komwe tachokera, nkhuku n'kuisiya m'manja mwa akuluakulu olandira alendo. Mpaka apo zonse zinali bwino. Koma Mphatso anaunguzaunguza, kuona nyumba, mitengo, mbuzi zikubisala dzuwa, kenaka n'kufunsa mokweza mawu:

"Amayi, ndi pompano basi?"

Manyazi anandigwira, ndinafuna kumutsina. Amene anamupulumutsa ndi agogo ena aamuna omwe anakhala pamthunzi chapatali pang'ono akuluka mlaza. Anamukodola ndi dzanja osasiya ntchito yawo. Zala zawo zinali zopindika m'mfundo, chikhadabo cha chala chachikulu chitakhuthala ndi kung'amba mlaza, koma zinkayenda zokha maso ali pa mwanayo.

"Mdzukulu wanga, umati uona chiyani?"

"Nyumba yachifumu, agogo. Yamiyala, ya asilikali pakhomo. Ngati Lundu anali wamkulu choncho, bwanji sanamange?"

Ine ndinati, "Pepani agogo, mwanayu pakamwa." Iwo anati, "Musiyeni mayi, wafunsa zoona." Anamuuza atape dothi. Anatapa. "Makolo ankamanga ndi limenelo, ndi mitengo, ndi udzu. Chiswe chimadya, madzi amakokolola. Freddy unamuona, eti? Nyumba za njerwa zomwe zija zinatsala zingati m'mbali mwa Shire?" Mphatso anangoti chete, chifukwa madzi a mu Malichi 2023 amawakumbukira bwino.

Kenaka anayamba kumuwerengera, pang'onopang'ono, zimene zinkapangitsa kuti dzina la Lundu limveke kutali. Makasu osulidwa ndi Amang'anja, omwe munthu ankatha kugulira chilichonse. Mchere umene amayi ankatcheza kuchokera m'dothi la m'chigwa chomwechi. Nsalu za thonje zoomba pamanja, machila, zimene zinkagulidwa mpaka ku Zambezi. Minyanga ya njovu. "Thonje sanabwere nalo mzungu," anatero, ndipo apa mpamene anasiya kuluka koyamba. Ine mumtima ndinavomera, pakuti Livingstone yemwe, atakwera Shire mu 1859, anapeza anthu akulima thonje, kupota, kuomba nsalu ndi kusula zitsulo m'midzi. Mabuku amanenanso kuti mphamvu za Lundu zinafika chakum'mawa mpaka kufupi ndi nyanja yamchere, kufikira pamene mfumu ina ya Amaravi, Muzura, inamugonjetsa mu 1622 mothandizidwa ndi Apwitikizi. Agogowo zaka sanatchule. Ankangoti kalelo, kalelo.

Atafika pa za Amakololo anatsitsa mawu. Anthu amene anabwera ndi Livingstone kuchokera kumtunda kwa Zambezi, n'kutsalira m'chigwa muno ali ndi mfuti, nthawi yomwe njala yoopsa ya 1862 ndi 1863 komanso ogula akapolo zinali zitawamaliza Amang'anja. Ufumu wa Lundu unagwa pamenepo, ndipo maina ngati Kasisi, Maseya, Katunga ndi Mlilima anachokera kumeneko. "Koma lero ndi abale athu, tinakwatirana kalekale," anafulumira kuwonjezera. Ndinakonda mmene ananenera zimenezi, osabisa komanso osatukwana. Ndi kangati pamene ife timalephera kuuza ana nkhani yowawa popanda kuwapatsira chidani?

Sindikumbuka kuti mbatata tinadya nthawi yanji, koma ndikudziwa kuti agogowo anatenga kamodzi kakang'ono, n'kukana kachiwiri. Tiyamike, yemwe nthawi yonseyi ankasewera ndi tizidutswa ta mlaza, anadzidzimuka atamva dzina la Mbona. Agogo anati mfumu yopanda mvula si mfumu, ndipo mvula ya m'chigwa muno ankakaipempha ku Khulubvi, ku Nsanje, kwa Mbona. Anafotokoza za kuthawa kwake, adani ali pambuyo, mpaka kumupha n'kumudula mutu, ndi kuti kachisi wake ali m'nkhalango imene munthu sadulamo mtengo. Anati Mbona ali ndi mkazi, dzina lake Salima, amene amakhala komweko.

"Ndiye Salimayo amavala chisoti chachifumu?" anafunsa Tiyamike.

"Ayi mdzukulu, kumeneko n'kwa nsalu yakuda. Ndipo nsapato umavula."

Ndinkayembekeza kuti Mphatso wakhutira. Nkhope yake inkaonetsa kuti akumva, ndipo sanatakatake ngati mmene amachitira kutchalitchi. Koma titatsala pang'ono kutsanzika, anati, mwaulemu ndithu ulendo uno, "Koma agogo, zonsezo sizikuoneka." Agogo anamuyang'ana nthawi yayitali. Ndinkaganiza kuti amuponyera mwambi. Anangoti, "Eya. Sizikuoneka." N'kutola mlaza wawo.

Mawu amenewo ndi amene andisowetsa tulo. Poyamba ndinakwiyira mwanayo, kuti munthu wamkulu wataya nthawi yake kumufotokozera, iye n'kumaumirirabe pa makoma. Tili pakabaza pobwerera, fumbi lili kobo, mkwiyo unasuntha. Mwana wa zaka zake amakhulupirira chimene wachigwira. Anzake a ku Zimbabwe akafunsa funso lomweli amawatengera ku Great Zimbabwe n'kuwagwiritsa mwala. Wanga ndamutengera kwa nkhalamba imene mano atsala owerengeka, ndipo ikadzapita, adzamuyankhe ndani mwana wina wofunsa mopanda mantha chonchi? Ndinalakalaka nditamugwiritsa khasu limodzi losulidwa kale, alimve kulemera kwake, kapena aone munthu akupota thonje ndi manja. Zinthu zakale zotere amasunga ku Museum ya ku Chichiri, koma kumeneko n'kukwera mapiri mpaka ku Blantyre, ndipo ndalama ya anthu atatu ndi ufa wa masabata angapo pakhomo pano. Zimandiwawa kuti mbiri ya m'chigwa, mwana wa m'chigwa akaionere kumtunda.

Ndiponso ndikudzifunsa ngati ndikufunadi kuti Mphatso asiye kufunsa. Ayi. Bola mwana wokhumudwa ndi zimene waona kusiyana ndi woloweza Kalonga, Undi, Lundu kuti akhoze mayeso, mawa n'kuiwala. Madzulo ano ndinamumva akuuza mnzake kuseri kwa khitchini kuti kale mchere ankaupanga kuchokera m'dothi, mnzakeyo n'kumutsutsa, iye n'kulumbira kuti wamva kwa agogo a ku Mbewe. Za nyumba yamiyala sanatchule, koma sindikunena kuti waiwala.

Vuto latsopano ndi lakuti onse awiri akufuna ku Khulubvi. Malowa anaikidwa mu 2011 pa mndandanda wa bungwe la UNESCO wa malo oyembekezera kuzindikiridwa ngati chuma cha dziko lonse, kutanthauza kuti ngakhale akunja amawawerengera, pamene ife oyandikana nawo ambiri sitinapondeko. Ine mtima ukufuna. Koma Tiyamike waulula kale kwa agogo ake aakazi, ndipo apongozi anga angoti, "Zamizimu zimenezo, ana obatizidwa akatani kumeneko?" Sindinawayankhe, si nkhani yoyankha uli chiimire ndi mbale m'manja. Kupita kukamva mbiri ndi kukapembedza n'zosiyana kwa ine, koma kwa iwo n'chimodzi, ndipo ndi munthu amene anandilerera anawa ndili kuntchito.

Palinso nsalu yakuda ya anthu atatu, ndi minibasi mpaka ku Nsanje kudutsa pa Bangula, kupita ndi kubwera. Bambo ake a Mphatso sanalankhulepo kanthu, amangomvetsera ana akulimbirana kufotokoza. Ndiwafunsa mawa tikaweruka kutchalitchi, ngakhale ndikudziwa kuti ayamba ndi kundikumbutsa za yunifolomu ya Tiyamike.