Viburnum wanga anandiphunzitsa nthawi yodulira

Chaka chatha viburnum wanga, chitsamba cha maluwa onunkhira, sanamasule ngakhale duwa limodzi, ndipo wolakwa ndinali ine ndemwe. Nthambi zina zinali zitatalika mpaka kutchinga windo ndiye kuzizira kutangoyamba ndinatenga sizasi n'kumudulira bwinobwino kuti aoneke mwadongosolo, osadziwa kuti ndikudula maluwa onse a chaka chotsatira. Chitsamba chimenechi chimakonzeratu timitu ta maluwa kunsonga kwa nthambi kukadali miyezi yambiri, timitu tija timagona nyengo yonse yozizira kudikira kuti kufunde, ndiye ukabwera mochedwa ndi sizasi basi wataya chaka chathunthu. Zinandiwawa zedi, chifukwa ine ndinamudzala kamba ka fungo lake basi.

Wangayu ndi Viburnum carlesii, kwawo ndi ku Korea komanso pachilumba cha Tsushima ku Japan. Dzinalo linachokera kwa William Carles, Mngelezi yemwe ankagwira ntchito ya ukazembe ku Korea cha m'ma 1880. Viburnum ameneyu sakula kwambiri, mita imodzi ndi theka kapena awiri, komanso amakula pang'onopang'ono moti zaka zoyamba umangoona ngati wangokhala. Koma akayamba kumasula, aaa! Timitu timayamba tofiirira ngati mitu ya machesi titathinana pamodzi, kenako timasanduka pinki, tsiku lina m'mawa ukatuluka upeza tatseguka toyera, mpira wa maluwa wokwana m'dzanja. Fungo lake ndi lokoma komanso lamphamvu, madzulo kukakhala bata limalowa mpaka m'nyumba. N'chifukwa chake ndimauza aliyense kuti osakamudzala kumapeto kwa dimba uko ayi, muikeni pafupi ndi khomo kapena khonde pomwe mumadutsa tsiku ndi tsiku.

Ilipo mitundu ina yonunkhiranso. Viburnum farreri wa ku China amamasula nyengo yozizira masamba atayoyoka, maluwa ali pa nthambi zopanda kanthu, ndipo iyeyu ndi kholo limodzi la viburnum wina wotchedwa bodnantense yemwe anapangidwa ku Bodnant Garden ku Wales cha m'ma 1930. Wina wotchedwa burkwoodii naye ndi mwana wa carlesii. Koma kunena zoona onsewa amafuna malo omwe kumazizira ndithu, kumalo otentha chaka chonse adzangokupatsani masamba, kumeneko bola Viburnum odoratissimum amene sayoyola masamba ndipo anthu amachita naye mpanda.

Za dothi si zovuta. Likhale lachinyezi koma madzi asamadekhe pamizu, manyowa owolerana bwino, ndi kuphimbira patsinde ndi masamba ouma. Dzuwa la m'mawa ndi kamthunzi masana zimamukomera.

Zondivutitsa ine ndi ziwiri. Nsabwe zakuda zija zimakonda nsonga zanthete, masamba amapindika n'kumanyata, nyerere zili piringupiringu, ndimangozipopera madzi a sopo zisanachuluke. Chachiwiri, wanga ndi womezanitsa, ndiye pansi patsinde pamaphuka mphukira za mtundu wina uja wa mizu, zamphamvu komanso masamba ake osiyana, ukazilekerera zimalanda chitsamba chonse fungo lija osadzalimvanso. Ndimazithothola zikangotuluka. Ngati mukufuna wina wokhala ndi mizu yakeyake, pindani nthambi yapansi, muikande pang'ono khungwa, muikwirire n'kutsamiza mwala, pakatha chaka kapena kuposerapo imakhala yamera mizu ndipo mutha kuidula n'kukaoka pena.

Chaka chino sindinamukhudze mpaka maluwa atafota, ndipo sabata yomweyo ndinachotsa nthambi ziwiri zokalamba ndi imodzi yotchinga windo ija, sizasi n'kukasunga. Dzulo ndimayang'ana nsonga zake, timitu tatsopano tayamba kale kuoneka, ndinawerenga mpaka 30 pa mbali ya kukhonde yokha.