Tafika kunyumba, zikomo nonse makamaka aNaphiri

Abale anga tafika. Bambo a ana atuluka m'chipatala ku Tete, mwendo uli ndi zitsulo koma akuyenda pang'onopang'ono ndi ndodo, adokotala akuti fupa likugwirana bwino. Za ngozi ya njinga yamoto ija pa msewu wa ku Domwe nonse mukuzidziwa, sindibwerezanso, mutu wanga sunakhazikike.

Mulungu alemekezeke. Inu amene munatumiza kangachepe pa M-Pesa ndi e-Mola, a mphakati wathu amene munasonkha, achimwene amene munakapereka magazi osafunsa kawiri, adalaivala a shapa (minibasi) amene munatipatsa mpando wakutsogolo pobwerera kuti mwendo utambasuke, zikomo zikomo. Manesi aja maina awo sindinawasunge onse koma Mwini wake akuwadziwa.

Koma ine ndikufuna ndinene za aNaphiri, aneba anga aja a kuseri kwa khola. Mayi wamasiye, alibe foni, alibe mwana wa pa ntchito, munda wawo womwe amalima okha. Tsiku la ngozi ine ndinangothamanga ndi chitenje chimodzi, khomo losatseka, ana atatu ali kusukulu. Palibe amene anawatuma. Anangotenga ana nkupita nawo kwawo, kuwasambitsa, kuwaphikira, wamng'ono uja amakodzabe pogona koma lero ndafunsa akuti "aaa mwana ndi mwana, zisiyeni." Ndipo inali nthawi yopalira, mukudziwa Disembala kuno ku Angónia udzu sudikira munthu. Ine ndili ku Tete ndikupsa ndi dzuwa lija, munthu wozolowera kuzizira kwa ku Ulongwe, usiku tulo osabwera ndikungoganiza kuti chimanga chapita, chaka chino tidya chani. Ndafika lero ndapeza munda wopalira, wobandira, feteleza wobereketsa amene tinasiya m'nyumba anathira yense bwinobwino, thumba lopanda kanthu analipinda nkulisunga kuti ndidzaone. Ndinakhala pansi pa mzere pomwepo nkulira.

aNaphiri, mayi anga, ndikubwezereni chani ine? Ambuye akupatseni moyo wautali, maondo anuwo asakuvuteninso, nkhokwe yanu isaume.

Ena munangowerenga uthenga pa WhatsApp nkukhala chete, ena a magazi amodzi ndi bambowa mpaka lero simunafunse kuti mwendo wake ndi uti. Palibe kanthu, taona.

Kuchipatala kuja munthu umaphunzira kuyamika tinthu toti kunyumba sumatiwerengera nkomwe. Madzi ozizira m'botolo. Mayi wina wa Chinyungwe amene ankadikirira mwana wake anandigawira malo pa mphasa yake, chilankhulo tinkamvana mwa apo ndi apo koma tinkadya mbale imodzi. Ngakhale mlatho, abale. Tikuwoloka Revubwe pakati pa Moatize ndi Tete ndinakumbukira Januwale 2022 pamene namondwe Ana anaudula mlathowo, ndinati Ambuye ngozi iyi ikanachitika masiku amenewo tikanadutsa pati ndi munthu wothyoka mwendo? Ndinathokoza mokweza mu ambulansi momwemo mpaka nesi anandiyang'ana.

Ndiye china chimene chandigwira mtima, ana abwera ndi khalidwe la kwa aNaphiri. Madzulo ano ndapakula nsima, wamkulu akuti amama dikirani, kwa agogo sitidya tisananene. Kumeneko akuti asanasambe m'manja aliyense amatchula chinthu chimodzi chabwino cha tsikulo ndi munthu amene wamuchitira. Wina anati mnzake anamubwereka cholembera, wina anati mvula inadikira mpaka atafika kunyumba, wamng'ono anati ababa abwera. Mayi woti mchere womwe nthawi zina amachita kupempha, koma pakhomo pake tsiku silidutsa osathokoza. Ife pano tipitiriza zimenezi, bambo ayamba kale, atchula aNaphiri, ine ndatchulanso aNaphiri, ana akuti musabwereze munthu mmodzi koma takana.

Lamulungu tikakhala ku tchalitchi kukapereka chithokozo, amene mungathe bwerani. Ndipo inu achinyamata a kufupi kuno amene muli ndi foni, chonde wina apite akawawerengere aNaphiri zimenezi, ine ndikayamba kuwauza pamaso amandidula nkuyamba kufunsa za mwendo.