Botolo limene linatuluka m'jumbo Lolemba m'mawa

Lolemba m'mawa, ndisanamalize kuwerenga makatoni a mankhwala amene anafika kumapeto kwa sabata yapitayo, namwino wa kuwodi ya amuna anabwera ku famase kudzandiitana kuti ndikaone bambo wina amene anamugoneka Lamulungu madzulo atakomoka kudimba. Bambowa akhala akumwa mapiritsi a glibenclamide kwa zaka zingapo chifukwa cha matenda a shuga, ndipo atawayeza pofika kuchipatala zinapezeka kuti shuga wawo watsika kwambiri. Adokotala ankafuna kudziwa ngati mlingo wa mapiritsiwo unali wolakwika, koma nditayang'ana m'buku lawo la kuchipatala ndinaona kuti zonse zinalembedwa moyenera, ndipo mapiritsi otsala m'kapepala ankagwirizana ndi masiku amene anadutsa chilandirireni mankhwalawo.

Ndinakhala pansi pafupi ndi bedi n'kuwafunsa kuti, "Bambo, kuwonjezera pa mapiritsi athuwa, kodi pali china chimene mukumwa kuti thupi lipezeko bwino?" Iwo anakana, koma akazi awo anawerama osayankhula kanthu. Zaka zimene ndagwira ntchitoyi zandiphunzitsa kuti munthu amabisa zitsamba chifukwa choopa kukalipiridwa, choncho ndinawauza kuti nanenso ndinakulira pakhomo pamene mayi anga ankawiritsa masamba a nimu mwana akatentha thupi, ndipo sindinabwere kudzawazenga mlandu. Apo m'pamene mayi aja anapisa dzanja m'jumbo n'kutulutsa botolo la pulasitiki lokhala ndi madzi obiriwira moderako.

Papepala lomata pabotololo panalembedwa kuti mankhwalawo amachiza shuga, kuthamanga kwa magazi, zilonda za m'mimba ndi kusabereka, ndiponso kuti muli nimu, chammwamba ndi zitsamba zina. Panalibe dzina la amene anawapanga, panalibe tsiku lothera mphamvu, panalibe nambala yosonyeza gulu limene anapangidwira, ndipo za kamwedwe anangolemba kuti kapu imodzi m'mawa ndi ina madzulo, osanena kukula kwa kapuyo. Mayi aja anafotokoza kuti madziwo ndi owawa kwambiri moti kwa masiku anayi amuna awo ankangolawa nsima n'kuisiya, koma mapiritsi sanadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Glibenclamide amatsitsa shuga kaya munthu wadya kaya sanadye, n'chifukwa chake timawauza odwala kuti azimwa pa nthawi ya chakudya. Munthu wosadya mokwanira, amene akugwira ntchito ya khasu padzuwa, kwinaku akumwanso zitsamba zimene anthu amazigwiritsa ntchito potsitsa shuga yemweyo, ali pangozi yeniyeni yokomoka. Ndinadzaza fomu yofotokoza vuto lobwera chifukwa cha mankhwala, imene timatumiza ku bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo ndinalembamo mapiritsi ndi botolo lomwe.

Bungweli, limene ambiri timangolitchula kuti PMRA, linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019 m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board, ndipo ndi limene limalembetsa mankhwala, kupereka ziphaso kwa ife ogwira ntchitoyi ndi kuyendera malo ogulitsira mankhwala. Anthu ena amaona ngati kulembetsa mankhwala ndi nkhani ya mapepala chabe, koma amene anamva za ana ambirimbiri amene anamwalira ndi vuto la impso ku Gambia mu 2022 atamwa mankhwala amadzi a chifuwa okhala ndi poizoni amadziwa ntchito ya nambala yaing'ono ija imene imalembedwa pabotolo. Nambalayo ikakhalapo, mankhwala oipa amatha kutsatidwa mpaka kumene anachokera n'kuchotsedwa m'mashelefu onse. Ikasowa, monga pabotolo la bambo aja, palibe poyambira.

Lachiwiri linali tsiku la pawindo loperekera mankhwala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mwana wina wolemera makilogalamu 16 anamulembera piritsi limodzi la LA pa nthawi iliyonse, pamene mwana wa makilogalamu 15 mpaka 24 amayenera kumwa awiri. Ndinapempha mayi ake kuti adikire pang'ono, ndinapita kuchipinda cha amene analembayo n'kuwaonetsa mwakachetechete, ndipo iwo anakonza nthawi yomweyo n'kuthokoza. Munthu amene waona odwala ochuluka chotero kuyambira m'mawa akhoza kuphonya nambala, ndipo famase ilipo kuti pakhale diso lachiwiri. Panabweranso mayi woyembekezera amene amamwa ma ARV okhala ndi dolutegravir, yemwe anali atangolandira mapiritsi owonjezera magazi kusikelo. Ayironi wa m'mapiritsi a magaziwo amamanga dolutegravir m'mimba n'kuchepetsa mlingo wolowa m'magazi, choncho ndinamulangiza kuti azimwa zonsezo pamodzi ndi chakudya, apo ayi azimwa ma ARV patatsala maola awiri kuti amwe mapiritsi a magaziwo.

Lachitatu ndinakhala nthawi yaitali ndi mtsikana wina amene akumaliza maphunziro a zamankhwala, ndipo akuchita kafukufuku wake pa makungwa a muwawani. Mtengo umenewu azitsamba amaudalira kwambiri pa matenda a m'mimba ndi kutentha thupi, ndipo m'madera ena mumaupeza utasendedwa mbali zonse mpaka kuuma. Mtsikanayu anabwera ndi chisangalalo chachikulu chifukwa madzi amene anatcheza kumakungwawo analepheretsa mabakiteriya ena kukula m'mbale za kulabotale, ndipo ankafuna kulemba m'lipoti lake kuti muwawani umachiza matenda. Ndinasangalala naye, koma ndinamufunsa mafunso amene nanenso ndinafunsidwa ndili pasukulu. Kodi nthambi ya mtengowo, yokhala ndi masamba ndi zipatso zake, anaitumiza ku National Herbarium ku Zomba kuti akatsimikizire mtundu wake, popeza dzina limodzi la Chichewa nthawi zina limatchula mitengo iwiri kapena itatu yosiyana? Kodi makungwawo anawatenga mwezi uti, pamtengo waukulu bwanji, ndipo anawayanika pamthunzi kapena padzuwa? Nanga anawanyika m'madzi monga amachitira asing'anga, kapena mu methanol amene palibe munthu angamwe? Chinthu chopha tizilombo m'mbale chikhoza kulephera kulowa m'magazi a munthu, kapena chikhoza kulowa n'kuwononga chiwindi, ndipo zimenezi zimadziwika pokhapokha kafukufuku atapitirira m'magawo ena ambiri.

Pofuna kuti asagwe ulesi, ndinamukumbutsa kumene LA amachokera. Mphamvu ya artemether, amene ali mu LA, imachokera ku chitsamba cha Artemisia annua chimene anthu a ku China anachigwiritsa ntchito kwa zaka mazanamazana pa matenda otentha thupi. Wasayansi wina dzina lake Tu Youyou ndi anzake, amene ankagwira ntchito pansi pa pulogalamu ya boma la China imene inayamba mu 1967, poyamba ankapeza zotsatira zosinthasintha, mpaka iye atawerenga m'buku lakale kuti chitsambacho ankachinyika m'madzi n'kuchifinya osachiwiritsa. Atasiya kugwiritsa ntchito moto wambiri, mphamvu ya chitsambacho inaonekera bwino, ndipo mu 1972 anapatula artemisinin, amene amapangira artemether. Mphoto ya Nobel anailandira mu 2015, ndipo kuno kwathu LA anakhala mankhwala oyamba operekedwa pa malungo mu 2007. Nzeru za makolo zinaloza chitsamba choyenera, koma panadutsa zaka zambiri za kuyeza kuti lero ndithe kuuza munthu wamkulu motsimikiza kuti amwe mapiritsi 24 m'masiku atatu.

Nkhaniyi imandikhudza kwambiri chifukwa masiku ano anthu ena akudzala Artemisia kuseri kwa nyumba n'kumamwa ngati tiyi akamva malungo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2019 kuti silivomereza kamwedwe kameneka, popeza mphamvu ya m'masamba imasiyana malinga ndi nthaka, nyengo ndi kasungidwe, ndipo mlingo wochepa umangofoola tizilombo osatimaliza. Tizilombo totsalato ndi timene timaphunzira kupirira mankhwala. Dziko lathu linasiya chloroquine mu 1993 chifukwa anali atasiya kugwira ntchito, kenaka Fansidar nayenso anafooka, ndipo tsopano ku Rwanda ndi ku Uganda kwapezeka kale tizilombo timene tikuchedwa kufa ndi artemisinin. Ndikaganiza za mzere wa ana amene amaima pawindo langa nyengo ya mvula, sindifuna kuti LA atithere mphamvu m'manja.

Lachinayi linapita ndi ntchito ya m'nyumba yosungira mankhwala: kuika patsogolo amene atsala pang'ono kutha mphamvu, kuona ngati firiji ya insulin ndi oxytocin ikuzizira pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndi kuwerengetsa morphine ndi buku lake mpaka dontho lomaliza.

Lachisanu pamsonkhano wa komiti yoona za mankhwala pachipatala, ndinapereka nkhani ya bambo aja ndipo ndinapempha kuti aliyense wolemba mankhwala azifunsa za zitsamba monga momwe amafunsira ngati wodwala amadana ndi mankhwala ena ake, ndipo yankho lizilembedwa m'buku la wodwalayo. Mzamba wamkulu anavomereza msanga, nati iwo amakumana ndi amayi amene amwa mwanamphepo kuti abereke msanga, ndipo amayiwo amaulula pokhapokha zinthu zitavuta, pamene chiberekero chili kale pangozi yong'ambika. Mmodzi mwa madokotala anadandaula kuti nthawi ndi yochepa, ndipo dandaulo lake linali lomveka, koma tinagwirizana kuti tiyambire kukiliniki ya shuga ndi kuthamanga kwa magazi, kumene odwala amabwera mobwerezabwereza ndipo timadziwana nawo.

Madzulo a tsiku lomwelo bambo aja anatulutsidwa m'chipatala, ndipo anadzera ku famase ndi akazi awo kudzatenga mankhwala. Adokotala anali atawachepetsera mlingo wa glibenclamide. Ndinawafotokozera zizindikiro za kutsika kwa shuga, monga kunjenjemera, thukuta lozizira ndi chizungulire, ndipo ndinawapempha kuti popita kudimba azitenga kashuga pang'ono m'thumba. Iwo anandifunsa kuti, "Nanga chammwamba cha pakhomo chija, achimwene, tisiyiretu?" Ndinawayankha kuti masamba ake akhoza kudya ngati ndiwo monga mwa masiku onse, koma za m'botolo zija asiye, ndipo akafuna kuyesa china chilichonse ayambe abwera nacho pawindo kuti tikambirane. Botolo lija analisiya m'manja mwanga. Ndinalimata kapepala kolembapo tsiku ndi nambala ya fomu ija, n'kulitsekera m'kabati kudikira oyendera mankhwala, ndipo m'buku la bambowo ndinalembamo tsiku lobweranso pakatha masabata awiri.