Tsiku limene ndinapha amalume anga ndi kompyuta

Kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, tili ndi bungwe la maliro limene linayamba ine ndisanabadwe. Analiyambitsa ndi madoda amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafakitale ndi m'nyumba za azungu, mzinda uno ukadatchedwa Salisbury. Cholinga chake sichinasinthe mpaka lero. Munthu akatisiya, bokosi lipezeke, anthu adye nsima pa siwa, ndipo ngati mwiniwake ananeneratu kuti akagone kwawo, thupi lidutse pa Nyamapanda, liwoloke Zambezi pa Tete, likalowe pa Mwanza. Mayina onse ankakhala m'makope atatu a chikuto cholimba amene amalume anga, omwe ndi tcheyamani, ankasunga pansi pa matiresi.

Amene ndinawanyengerera kuti zonsezi zilowe mu kompyuta ndine. Ndinalemba pulogalamu ndi Django, chida chopangira mapulogalamu a pa intaneti, ndipo pakati pake panali model yotchedwa Membala. Model ndi ngati tsamba la m'kope muja lolembedwa mizere: apa dzina, apa kobadwira, apa mudzi, apa mfumu. Kumapeto kunali mizere iwiri, tsiku_lomaliza, kutanthauza tsiku limene munthu anasonkha komaliza, ndi tsiku_lomwalira. Mayina awiriwa muwagwiritse bwino, chifukwa ndi amene anandiika m'madzi.

Chaka chonse zinthu zinayenda myaa. Kenako mbale wanga wa ku Blantyre, mwana wa amayi aang'ono, yemwenso amadya za makompyuta, anabwera ndi nzeru. Anati nthawi zambiri uthenga wa maliro umafika kumudzi mochedwa, ndiye ine nditsegule API, kakhomo kamene pulogalamu ina imagogodapo n'kufunsa. Pulogalamu yake izigogoda m'mawa uliwonse 6 koloko, ndipo ikapeza kuti wina wamwalira m'masiku atatu apitawo, izitumiza yokha uthenga wa pafoni kwa abale ake kumudzi. Kiyi wa kakhomoko akhale ndi iye yekha. Nzeru yabwino ndithu, ndipo JSON wamba, kalembedwe kamene mapulogalamu amatumizirana nako zinthu, akanakwanira.

Koma ine ndinali nditangowerenga za linked data, ndipo mutu unali utakula. Tim Berners-Lee, yemwe anayambitsa World Wide Web, analemba malamulo anayi a nkhaniyi mu 2006. Chinthu chilichonse chikhale ndi dzina lake la pa intaneti, dzinalo likhale adiresi yotsegulika, wotsegula apezeko zomveka zolembedwa m'njira yogwirizana, ndipo zolembedwazo ziloze ku zinthu zina. Nditawerenga ndinaseka ndekha, chifukwa ife izi tinazidziwa kalekale. Munthu akangoti "ndine Phiri" palibe chimene wanena, a Phiri ndi ambiri ngati mchenga. Timamufunsa kuti kwanu n'kuti, mfumu yanu ndani, boma liti. Akayankha pamenepo ndiye tamudziwa, mwinanso tapeza chibale. Ndinaona kuti kompyuta yangophunzira mwambo wathu mochedwa.

Ndiye ndinasankha JSON-LD, imene W3C, bungwe loika miyezo ya World Wide Web, linavomereza mu 2014. Ndi JSON yemweyo, kungoti pamwamba pake pamakhala kachigawo kotchedwa @context, kamene kamamasulira mawu ako kuti mlendo amve. Umalemba kuti "dzina" langali ndi limene schema.org imati name, "kobadwira" ndi birthPlace, choncho. Schema.org ndi mtanthauziramawu amene Google, Microsoft ndi Yahoo anayambitsa limodzi mu 2011. Mu Django REST framework, chida chomangira API, ndinawonjeza renderer yakeyake, kachigawo kokonza maonekedwe a yankho, kuti pulogalamu ikagogoda n'kunena kuti ikufuna application/ld+json, kutanthauza JSON-LD, ilandire zomasulira kale. Malo obadwira nawo sindinafune kuti akhale mawu chabe, ndinalemba kapulogalamu kofufuza dzina lililonse pa Wikidata, nkhokwe ya pa intaneti imene imapatsa malo aliwonse adiresi yakeyake, n'kutenga adiresi yoyamba imene yatuluka. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Ntchitoyi ndinaimaliza Loweruka usiku. Magetsi anali atathima kuyambira m'bandakucha, kandulo inali itatsala kachidutswa, batire la laputopu lili pa 9 peresenti. Unatsala mzere umodzi wokha, wa deathDate, dzina la schema.org la tsiku lomwalira. Ndinalemba "tsiku_lom", pulogalamu yolembera ija n'kundionetsa mayina awiri kuti ndisankhe, ine osayang'ana ndinangodina loyamba. Pa alifabeti "lomaliza" amabwera patsogolo pa "lomwalira". Ndipo JSON-LD ili ndi khalidwe lake: mawu amene sunawamasulire mu @context, pulogalamu yowerenga imangowataya mwakachetechete osadandaula. Choncho tsiku lenileni lomwalira linasowa, tsiku losonkha n'kukhala pampando wake.

Musaganize kuti sindinayese. Ndinayesa. Ndinatsegula dzina la gogo wina amene tinamuika chaka chatha, deathDate n'kutuluka, mwezi wake pafupifupi womwewo, pakuti mkuluyo anali wokhulupirika, anasonkha mpaka sabata yomaliza. Seva, kompyuta yosunga pulogalamuyo, inayankha 200, nambala imene imatanthauza kuti zonse zili bwino. Ndinatumizira mbale wanga kiyi, laputopu n'kuzima, ine n'kugona tulo ta munthu wanzeru.

Lamulungu masana kunali msonkhano wa mwezi ndi mwezi pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pa amalume. Anthu 23 anasonkha, ena madola, ena pafoni kudzera pa EcoCash. Ine ndinakhala pambali pa mayi msungichuma n'kumalowetsa mayina mmodzimmodzi, ndikumwetulira. Woyamba kusonkha, monga mwa nthawi zonse, anali tcheyamani.

Lolemba m'mawa tinali pa tiyi. Amalume anali atangonyika buledi m'kapu pamene foni yawo inalira. Anayang'ana, n'kunena kuti ndi mayi anga ku Mulanje.

"Halo, achemwali, mwadzuka bwanji?"

Kukuwa kumene kunatuluka m'foni muja ndinakumva ndili tsidya lina la tebulo. Kenako foni inaduka. Mayi ankayembekezera kuti ayankha ndi mkazi wamasiye, ndiye tangoganizani kumva malemu akukufunsa mmene wadzukira.

Pasanathe mphindi inalira yanga. Mayi akulira, kumbuyo kwawo amayi ena akuthandizira, ndi nyimbo ya maliro itayamba kale.

"Mwana wanga, malume ako atisiya iwe osandiuza? Ndiye amene wayankha foni uja ndani?"

"Amayi, amalume ali pano, akumwa tiyi."

"Usandinamize! Uthenga wabwera, wanena ndi tsiku lomwe!"

Ndinawapempha kuti auwerenge. Anapatsira mwana wa sukulu, iye n'kuwerenga pang'onopang'ono ngati ali kutsogolo kwa kalasi: pepani, m'bale wanu watisiya Lamulungu ku Harare, anabadwira ku Blantyre, Scotland.

Apa m'mimba munangoti juu. Amalume anabadwira ku Blantyre wathu yemweyu, wa Ndirande ndi Soche. Koma dzinalo amishoni a Church of Scotland anachita kulitenga mu 1876 ku tauni ya kwawo kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, ndipo kapulogalamu kanga kaja kanatola Blantyre wamkuluyo. Amene analembetsa kuti anabadwira ku Salisbury, pakuti dzina la Harare linabwera mu 1982, onse ndinawapititsa ku Salisbury wa ku Wiltshire, ku England. Agogo ena amene sanawolokepo ngakhale Limpopo anapezeka kuti ndi mbadwa ya ku Wiltshire.

Nthawi yolongosola za Scotland inalibe. Mafoni anayamba kulira Mufakose yense. Mayi msungichuma anafika chitenje chili m'manja, akupuma mwabefu, atauzidwa ndi ana awo a ku Dedza kuti amwalira. Mlembi wa bungwe anabwera pa njinga kudzapepesa maliro a tcheyamani, n'kupeza tcheyamaniyo ataima pageti, ndipo tcheyamani nayenso anali atangomva kuti mlembi watisiya. Anayang'anana madoda awiriwo kanthawi, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe kufotokoza.

Pofika 8 koloko pabwalo panali podzaza ndi malemu, onse akulankhula nthawi imodzi. Ine ndinakhala pa khonde laputopu ili pamiyendo, thukuta lili kamukamu, batire lili mbee chifukwa magetsi sanabwere usiku wonse. Tinachita kukapempha kwa neba wa sola. Kukonzako kunali mawu amodzi, sikunatenge ndi mphindi yomwe. Mbale wanga ku Blantyre anatumiza uthenga wachiwiri wonena kuti onse aja ali moyo, koma kumudzi ena anaukana. Anati woyamba uja unamveka waulemu, wachiwiriwu ukuoneka ngati wa akuba.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi bambo wina amene sanasonkhe kuyambira Khirisimasi. Iyeyo uthenga sunamukhudze, pakuti kwa kompyuta anali atafa kalekale, maliro ake anali akale. Anafika manja ali kumbuyo, n'kuyang'ana gulu lonse mwachifundo.

"Ndimakuuzani ine kuti zosonkhasonkhazi muzisamala nazo. Taonani, afa ndi okhulupirika okhaokha."

Amalume sanandikalipire pagulu. Anadikira kuti anthu abalalike, n'kundiitanira kuseri kwa nyumba kumene kuli dimba la repu.

"Mphwanga, ineyo ndakulera, ndakulipirira sukulu. Kundipha ndakukhululukira, pakuti imfa ndi ya tonse. Koma kundisandutsa mzungu?"

Ndinayesa kufotokoza za adiresi ya pa Wikidata, iwo anangokweza dzanja. Anati ku Mulanje mayi anali atapha kale mbuzi ya anthu obwera pa siwa, ndipo mfumu inali itauza anyamata kuti akonzeke kukakumba manda. Mbuzi singabwerere m'khola. Anthu anaidya ndithu tsiku lomwelo, ena akulira ena akuseka, ndipo mtengo wake ndinatumiza ine, pamodzi ndi wa nkhuku yopepesera amfumu.

API ija ikugwirabe ntchito, ndipo mzere uja ndinausintha dzina, pano ndi anasonkha_liti. Malo obadwira ndimasankha ndi manja, limodzilimodzi, nditafunsa mwiniwake kuti mfumu yake ndani. Uthenga sutuluka tcheyamani asanaone thupi ndi maso ake. Makope atatu aja anabwerera pansi pa matiresi, ndipo amalembedwanso.

Pa msonkhano wotsatira anthu anakhala phee, ndalama zili m'manja, palibe wofuna kuyamba. Mayi msungichuma anaitana kawiri, katatu. Pamapeto pake amalume anaimirira, n'kuika madola awo patebulo, n'kutembenukira kwa ine.

"Lemba, mphwanga. Koma ukandiphanso, undiphere ku Ndirande."