Mmene vinyo wa mphesa zokolola mochedwa anatifikitsira pano

Sabata ino tatsegula chipinda chathuchathu cholawiramo vinyo, ndipo mtima wanga wadzaza, sindibisa. Tinayamba awiri, ine ndi akazi anga, ndi kampamba kochepa komanso mtundu umodzi wokha wa katundu: vinyo woyera wotsekemera, wa mphesa zokolola mochedwa. Obwereketsa ndalama omwe tinawagogodera ankangomva zoti tikufuna kugulitsa timabotolo ta 375ml n'kuyamba kuyang'ana pa wotchi. Ena mwa iwo lero akutiimbira okha foni. Timawayankha mwaulemu kuti nthawi yomwe tinkawafuna inadutsa.

Vinyo wathu timaoda kwa banja lina la alimi ku Alsace, m'dziko la France, lomwe limalima mwa njira ya biodynamic ndipo lili ndi chiphaso cha Demeter, bungwe lotsimikizira ulimi wotere. Ulimiwu unachokera pa maphunziro omwe Rudolf Steiner, woganiza mozama wa ku Austria, anapereka kwa alimi ku Koberwitz (lero ndi ku Poland) mu 1924. M'munda wotere simulowa feteleza wa kufakitale kapena mankhwala opha udzu. Ndowe ya ng'ombe amaiika m'nyanga n'kuikwirira nyengo yonse yozizira, akaifukula amaitakasa m'madzi n'kuwaza panthaka; manyowa amenewa amawatcha 500. Amatsatiranso kayendedwe ka mwezi. Pali ena omwe amati za nyanga ndi mwezizo n'zikhulupiriro chabe, ndipo sindilimbana nawo. Chomwe ndimaona ine n'chakuti mlimi wotere sachoka m'munda mwake, ndipo mphesa zochedwa zimafuna munthu wa diso lotero.

Paja kusiya mphesa pamtengo anzako atakolola kale n'kuika chaka chonse pachiswe. Madzi a m'chipatso amachepa, shuga n'kuchuluka. Kukachita chifunga m'mawa, masana dzuwa n'kuwala, chuku china chotchedwa Botrytis cinerea chimafotetsa mphesazo bwinobwino n'kuzipatsa fungo la uchi. Koma mvula ikalimbikira, chuku chomwecho chimaoletsa zonse. Malamulo a Vendanges Tardives (dzina la vinyo wotereyu ku Alsace), omwe anakhazikitsidwa mu 1984, amalola mphesa za mitundu ya Riesling, Gewurztraminer, Pinot Gris ndi Muscat basi, zothyola pamanja, ndipo kuwonjezera shuga n'koletsedwa. Kutsekemera konse mukumvako n'kwa mphesa.

Chomwe chinatigwetsa pansi ndi oda yathu yaikulu yoyamba. Wonyamula katundu analonjeza kontena yozizira, tinamulipira ya kontena yozizira, koma katunduyo anakhala padzuwa. Potsegula makatoni tinapeza zotsekera zitatukuka, vinyo atadontha, fungo lili la zipatso zophika. Ndalama zathu zonse zinali mmenemo. Bamboyo anakana mlandu, ndipo mpaka lero sanapepese. Anzathu ena, pofuna kutithandiza, anati tigulitse motchipa, anthu sadzadziwa. Tinakana, tinataya botolo lililonse. Usiku umenewo akazi anga analembera alimi aja kalata yofotokoza zonse, ndipo iwo anatitumizira katundu wina kuti tidzalipire tikagulitsa. Kuyambira pamenepo m'katundu wathu mumayenda kachipangizo kolemba kutentha kwa ulendo wonse, ndipo kasitomala aliyense wofuna kuona timamuonetsa.

Ndiye poti tinavutikira kumusamala, chonde nanunso musamuphe pathebulo. Amakoma pakati pa madigiri 8 ndi 12. Wochokera kumene m'firiji amakhala wozizira mopyola ndipo fungo limabisala, choncho mutulutseni kwa mphindi 15 musanathire. Ayezi ayi. Thirani theka la mlingo womwe mumathira vinyo wamba, m'galasi lopapatiza kukamwa, muone kaye mtundu wake wagolidewo, muzunguze pang'ono, kenako mununkhize. Mu Riesling mumva uchi, apurikoti ndi khungu la lalanje. Mu Gewurztraminer mumva chipatso cha lychee ndi duwa la rozi. Mukamwa, dikirani kumapeto. Kakuwawasa kamabwera pambuyo pa kutsekemera n'kutsuka m'kamwa, ndipo kameneko ndi kamene ndimayezera vinyo wabwino. Popanda iko ndi manyuchi chabe. Mumuphatikize ndi tchizi chamchere ngati Roquefort, kapena keke ya zipatso yosatsekemera kwambiri, chifukwa chakudya chikamuposa shuga vinyoyo amazirala. Wotsala mutseke bwino n'kubwezera m'firiji, adzakhalabe wabwino sabata yathunthu.

Ndithokoze akazi anga, omwe sanandinene tsiku la makatoni aja. Ndithokoze achimwene omwe anatikongoza popanda chikole, alamu anga omwe amatisungira mabuku, ndi anyamata ndi atsikana athu omwe amapukuta magalasi mpaka kung'anima ndipo aphunzira kufotokoza vinyoyu kuposa ine. Banja la alimi lija, lomwe linatikhulupirira tisanaonane n'komwe, Mulungu alidalitse. Ndipo inu makasitomala oyamba, omwe munadikira osadandaula katundu atachedwa n'kubweranso ndi anzanu, zikomo kwambiri.

Riesling ndi Gewurztraminer tili nawo onse panopa, ozizira kale. Mabotolo ndi ochepa chifukwa si chaka chilichonse chomwe nyengo imalola kukolola mochedwa, ndiye ofuna a ukwati kapena a mphatso atiuziretu msanga. Timagulitsa kwa akuluakulu okha, ndipo aliyense amalawa kaye asanagule.