Ndinasaka mawu oti "kuitana" ndi bolopeni yofiira

Lachiwiri lapitali ndinagona tulo tabwino koyamba chiyambireni phunziro la maitanidwe m'kalasi yathu ya Baibulo ya Loweruka. Ndikulemba izi mutu udakali wopepuka, ndisanaiwale mmene zinakhalira.

Ndakhala ndikusoka pakhonde la sitolo kwa zaka 11, ndipo zaka zonsezi mumtima ndinkati ndikungodikira. Ndinkadikira tsiku limene Mulungu adzandiuze chimene anandilengera. Anzanga ankaimirira kutchalitchi n'kumachitira umboni, wina kuti anaitanidwa m'maloto, wina pamsonkhano wa chitsitsimutso, ine n'kubwerera kukaika zipi pa thalauza la munthu. Ndinkamva ngati mwana amene aphunzitsi aitana mayina onse m'kalasi, lake lokha osatchulidwa.

Chimene chinandimasula si ulaliki ayi. Ndinatenga bolopeni yofiira n'kuyamba makalata a Paulo, kuchokera ku Aroma, ndipo paliponse pamene ndinapeza mawu oti kuitana ndinkadula mzere n'kufunsa mafunso atatu: akuitana ndani, akuitana yani, akumuitanira ku chiyani? Mayankho ndinkalemba kumapeto kwa kope la miyeso ya makasitomala, pansi pa manambala a chiuno ndi mapewa. Ndinkayembekezera kuti mzere wachitatuwo udzadza ndi maudindo, ubusa, uneneri, kuimba. Taonani zimene zinatuluka. Pa Aroma 1:6 ndi 7, oitanidwa kukhala a Yesu Khristu, oitanidwa kukhala oyera mtima. Pa 1 Akorinto 1:9, kuitanidwa ku chiyanjano cha Mwana wake. Pa Agalatiya 5:13 ku ufulu, pa Akolose 3:15 ku mtendere, pa 1 Atesalonika 4:7 ku chiyero. Ndipo amene akuitanidwawo si munthu mmodzi wapadera, ndi mpingo wonse. Ku Korinto komweko Paulo akuwakumbutsa kuti pakati pa oitanidwawo anzeru, amphamvu ndi a mabanja omveka sanali ambiri.

Ndiye ndinafika pa 1 Akorinto 7, kuyambira vesi 17 mpaka 24. Mutuwu ndinkaudziwa ngati mutu wa za ukwati, basi. Koma pakati pakepo Paulo akubwereza katatu kuti munthu akhale mmene analili pamene anaitanidwa, wodulidwa kaya wosadulidwa, kapolo kaya mfulu, ndipo kachitatuko akuwonjezera kuti akhale momwemo pamodzi ndi Mulungu. Ndinawerenga mobwereza, tochi ili kukamwa chifukwa magetsi anali atazima. Kapolo wa ku Korinto anaitanidwa ali kapolo. Sanamuuze kuti yamba wapeza ntchito yaulemu, kenako tikambirane za maitanidwe ako. Kuitanako kunamupeza pomwe anali. Ndiye kuti dzina langa linatchulidwa kalekale, tsiku limene ndinakhulupirira, ndili pamakina omwewa. Ndinkatchera khutu kudikira kuitanidwa kwachiwiri chikhalirecho koyambako sindinakumvetse.

Ndikudziwa kuti ena mukuti zimenezi n'zodziwikiratu. Nanenso ndikanayankha bwinobwino pamayeso. Koma kudziwa kuti Mkhristu aliyense ndi woitanidwa n'kosiyana ndi kuona ndi maso mzere wofiira utandandalika tsamba lonse, wonse ukuloza kwa Munthu, osati kuntchito. Ndinkafunsa kuti ndichite chiyani, pamene malembawo akuyamba ndi kundiuza kuti ndine wa yani. Ntchito ikubwera pambuyo, monga pa Aefeso 2:10, pamene ntchito zabwino zikutchulidwa atamaliza kunena kuti sitinapulumutsidwe ndi ntchito.

Mmawa mwake kunabwera mayi wina wamasiye ndi bulauzi yoyera ya amayi a Mvano, yong'ambika m'khwapa, nsalu itapyapyala moti ukaiika padzuwa umaona zala zako. Anati, "Mwana wanga, ungondigwirira pano, Lachinayi tili ndi maliro." Masiku ena ndikanangodutsitsa msoko umodzi n'kulandira kangachepe. Tsiku limenelo ndinamasula msoko wonse, ndinaika kansalu mkati kuti kagwire, ndinasintha batani limodzi lomwe linali losiyana ndi anzake, kenako n'kusita ndi simbi ya makala. Ndikusoka ndinakumbukira Dorika wa ku Yopa pa Machitidwe 9. Atamwalira, amasiye sanamufotokozere Petro za ulaliki wake. Anamuonetsa malaya ndi zovala zimene anasoka, akulira. Nkhani imeneyi ndaimva kuyambira ku Sande sukulu, koma ndinkaona kuuka kwake kokha, zovalazo osaziona.

Paulo yemweyo ku Korinto anakhala chaka ndi miyezi 6, ndipo poyamba ankasoka mahema ndi Akula ndi Priskila, amene anachoka ku Roma mfumu Klaudiyo atathamangitsako Ayuda. Kwa Atesalonika akuti ankagwira ntchito usiku ndi usana kuti asalemetse munthu. Nanga Bezaleli pa Eksodo 31, wodzazidwa ndi mzimu wa Mulungu kuti asule golide, aseme miyala ndi mitengo? Mnzanga wina wa m'kalasi anandionetsanso kuti Martin Luther, wokonzanso mpingo wa ku Germany uja, analemba mu 1520 kuti wosoka nsapato, wosula zitsulo ndi mlimi aliyense ali ndi ntchito yake, komabe onsewo ndi ansembe mofanana, ndipo aliyense atumikire mnzake ndi ntchito yakeyo. Zaka 500 zapitazo munthu ananena kale, ine ndikuvutika nazo lero.

Anzanga, njira ya bolopeniyi yesani. Ine ndafika poti sindikhulupiriranso phunziro lililonse limene silinadutse pamenepa. Sankhani mawu amodzi, muwatsate kalata yonse osadumpha, mufunse mafunso atatu aja. Sipafunika buku lina, sipafunika foni kapena bandulo. Ndikuona ngati theka la mikangano ya m'mipingo yathu likanatha anthu akanangochita zimenezi. Sabata yamawa ndiyamba mawu oti "mphatso".

Chimene chikundiwawa n'chakuti m'kalasi tataya masabata 6 tisanatsegule 1 Akorinto 7. Aphunzitsi athu ndi munthu wabwino, koma anatibweretsera pepala la mafunso loti tichonge, kuti likatiuze mphatso zathu. Kodi mumakonda kuyankhula pagulu? Kodi mumakonda kutsogolera? Ine zinanditulukira kuti ndine wa "chithandizo", ndipo mmene analitchulira liwulo ndinamva kuti ndi kumene amaika otsala. Nditakweza mkono n'kufunsa kuti, "Abusa, nanga ife amene sitinamvepo mawu alionse?" anayankha kuti, "Pitirizani kupemphera, mayi, nthawi yanu idzakwana," n'kupita pamutu wina chifukwa nthawi inali itatha. Nthawi imatha sabata iliyonse. Timayamba mochedwa, zolengeza zimadya mphindi 20, ndipo zitsanzo zonse ndi Mose pachitsamba, Samueli usiku, Yesaya m'kachisi. Wogulitsa tomato akamva zimenezi sabata ndi sabata aganiza chiyani za moyo wake? Inenso nthawi yowerenga ndimachita kuba. Sukulu zikamatsegulira mayunifomu amandiunjikira, ndimafika kunyumba maso akuwawa, ana akudikira nsima.

Koma pepala langa lofiira lija lili ndi mizere imene sikugwirizana ndi chimwemwe changa, ndipo sindikufuna kuibisa. Pa Aroma 1:1 Paulo akudzitchula woitanidwa kukhala mtumwi. Pa Machitidwe 13:2 Mzimu akuti ampatulire Barnaba ndi Saulo ku ntchito imene anawaitanira. Ndiye kuitanidwa kuntchito inayake kulipo ndithu. Ndipo pa 1 Akorinto 7:21 pomwe paja, mmene ndikuwerengera ine, kapolo akuuzidwa kuti mwayi wa ufulu ukapezeka autenge. Vesi loti khala pomwe ulipo likhoza kukhala chikwapu m'manja mwa bwana amene salipira bwino antchito ake, ndipo zimenezo zikundiopsa.

Palinso china. Kwa zaka zitatu tsopano ndakhala ndikulakalaka kuphunzitsa atsikana osiyira sukulu panjira kusoka, awiri kapena atatu, pakhonde pomwepa. Kodi kumeneko n'kuitanidwa, kapena n'chilakolako changa chabe chomwe ndikuchiveka dzina la Mulungu? Ampingo wa ku Antiokeya anali kusala kudya pamodzi pamene anamva za Barnaba ndi Saulo, ndiye mwina si nkhani yoti ndiiweruze ndekha ndi bolopeni. Mwina ndikafunse amayi akuluakulu amene akundidziwa. Makina ndili nawo amodzi okha, ndipo mwini sitolo sindinamuuze kanthu.