Mankhwala a khansa okhala pachotupa pomwepo

Dzulo ndinakazonda azakhali ku Area 25, angobwera kumene kuchokera ku chemo, kolandira mankhwala amphamvu a khansa. Tsitsi lonse linathothoka, phala akangomwa masipuni awiri basi kusanza. Chemo imazungulira m'magazi thupi lonse, n'kumapha ndi maselo abwino omwe.

Usiku tulo osabwera, ndinawerenga za hydrogel, chinthu chofewa ngati phala chosunga madzi ambiri. Amaisakaniza ndi mankhwala n'kubaya pachotupa penipenipo. Ina ikazizira imakhala madzimadzi, koma ikangomva kutentha kwa thupi, madigiri 37, imagwirana ngati phala logona m'mbale, n'kumatulutsa mankhwalawo pang'onopang'ono pomwepo. Ku America anavomereza mankhwala amtunduwu otchedwa Jelmyto mu 2020, olowetsa ndi kapaipi m'njira ya mkodzo. Ena ambiri amtunduwu akadayesabe.

Khansa yofalikira kale singathe ndi zimenezi ayi. Komabe nditakumbukira duku la azakhali lija, ndinalakalaka zitafika kuno msanga.